Khonsolo isayambire pa dengu la tomato

Pali mayi wina amene ndakhala ndikugulako tomato ndi anyezi kwa zaka zingapo tsopano, pamsika wa kufupi ndi kwathu muno mu Blantyre. Amalawira kusanache kukapikula, ndipo ikamakwana 7 koloko amakhala atayala kale milu yawo pa saka, tomato wakupsa kwambiri kutsogolo kuti atuluke msanga, wosapsetsa kumbuyo. Tsiku lina ndinafika wodula ziphaso ali pa benchi yoyandikana nawo. Mayiwo anali asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Anamasula mfundo ya pansonga ya chitenje, n'kutulutsa ndalama imene anasungira minibasi yobwerera, n'kulipira. Kachiphaso kaja anakapinda bwinobwino n'kukalowetsa m'pepala la shuga lomwe linali litatupa kale ndi tiziphaso tina.

Ndinawafunsa kuti amasungiranji mapepala otha ntchito. Anati, "Achimwene, umenewu ndi umboni wanga. Wina akadzabwera n'kunena kuti malo ano si anga, ndidzamuonetsa kuti ndakhala ndikulipira tsiku lililonse."

Tiyeni tiwerengere limodzi. Tingoyerekeza kuti chiphaso ndi K500 pa tsiku. Munthu wokhala pamsika masiku 26 pa mwezi walipira K13,000, ndipo chaka chikamatha wapereka K156,000. Apa sitinaikepo ya kuchimbudzi, kumenenso amalipira nthawi iliyonse akalowa, kapena ya mlonda wa usiku amene ogulitsa amasonkherana okha. Chiphasocho sichifunsa ngati lero malonda ayenda. Tomato aole, mvula igwe tsiku lonse ogula osabwera, mwana adwale mayi aweruke 10 koloko, mtengo wake ndi womwewo. Mukaiyika ndalama imeneyi pambali pa mpamba wa mayiwo, mupeza kuti mumzinda uno ndi anthu ochepa amene amapereka gawo lalikulu chotere la zomwe ali nazo.

N'chifukwa chake ndikamva kuti khonsolo ikufuna kuwonjezera ndalama zimene imatolera, mtima wanga umathamangira kwa mayi amenewa, poti ndikudziwa kumene dzanja limayambira kupisa. Limayambira kwa amene sangathawe: wa pamsika, wa okala, wometa tsitsi, wa kabaza, wa kalesitilanti kogulitsa nsima ndi nyemba. Amenewa ali pamtetete, amapezeka pamalo amodzi tsiku lililonse, ndipo alibe loya. Maganizo anga ndi akuti khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikufunikadi ndalama zambiri kuposa zimene ili nazo, koma ndalamazo zisachokere pokweza chiphaso cha munthu amene akulipira kale. Zichokere kwa amene ayenera kulipira koma sali m'kaundula, ndi kwa amene ali m'kaundula koma salipira.

Sindikunena kuti mzinda uyende ulele. Walira mvula walira matope. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mumzinda wa Blantyre muli anthu pafupifupi 800,000, ndipo lero tachuluka kuposa pamenepo. Anthu onsewa amataya zinyalala zimene ziyenera kunyamulidwa kupita ku Mzedi. Galimoto yonyamula zinyalalayo imamwa dizilo, matayala ake ndi ochokera kunja, woyendetsa ndi osesa mumsewu ayenera kulandira malipiro. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zonsezi zinakwera mtengo ku khonsolo monga zinakwerera kwa tonse. Wogwira ntchito ku Civic Centre, likulu la khonsolo, akamati ndalama sizikukwana, sakunama.

Koma kugwa kwa kwacha komweko kunafikanso pa dengu la tomato, ndipo kunafika koyamba. Mtengo wopikulira unakwera, thiransipoti inakwera, lendi inakwera, pomwe ogula anayamba kupempha mulu wa theka. Khonsolo ikhoza kulemba kalata n'kukweza mitengo yake. Mayi uja akakweza tomato, kasitomala amangosunthira pa benchi ina. Ndiye tikati aliyense asenze nawo, tiyambe taona kuti ndani wawerama kale.

Tisaiwalenso kuti mawu akuti msonkho ali ndi mbiri yowawa kuno. Atsamunda anabweretsa msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo unali chida chokankhira anthu kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Nkhanza za thangata ndi msonkho zinali m'gulu la zimene zinadzutsa John Chilembwe ku Chiradzulu mu 1915, pamtunda wosatalikirana ndi mzinda uno. Akuluakulu athu amakumbukanso masiku amene munthu sankalowa mumsika kapena kukwera basi opanda khadi la chipani. Anthu amene anakulira m'mbiri yotere akaona wotolera ndalama saona wowatumikira, amaona wowalanda. Maganizo amenewa sachoka ndi chiopsezo kapena kulanda katundu. Amachoka munthu akaona kuti mtengo wake ndi woti angaukwanitse, kuti mnzake wolemera akulipiranso, ndi kuti ndalamayo yabwerera m'dera lake.

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Gwero lalikulu la ndalama za mzinda uliwonse liyenera kukhala msonkho wa malo ndi nyumba, umene ambiri timangouti city rate. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 limapatsa khonsolo mphamvu yotolera msonkho umenewu potengera mtengo wa malo ndi nyumbayo, ndipo kaundula wa mitengoyo amayenera kukonzedwanso zaka 5 zilizonse. Ubwino wa msonkho umenewu ndi wakuti nyumba sithawa, siibisika, ndipo kukula kwake kumanena zoona za thumba la mwini wake kuposa mmene benchi ya pamsika inganenere. Vuto ndi lakuti ntchito yoyeza nyumba imodziimodzi imafuna akatswiri amene m'dziko muno ndi ochepa, ndipo ndi yodula. Choncho makhonsolo athu amachedwa nayo, pomwe mzinda sudikira.

Kwerani minibasi ya ku Machinjiri, kapena yopita ku Chileka, kapena mudutse ku Chigumula ndi ku Mpemba, muziyang'ana pawindo. Pamene zaka 15 zapitazo panali minda ya chimanga lero pali nyumba za mipanda ya njerwa, zamalata a mtundu, zina zosanja, zina ndi malo ogona alendo, zina ndi sukulu zolipira. M'tauni momwemo nyumba zimene zinali zogonamo zinasanduka maofesi ndi mashopu. Funso limene khansala aliyense ayenera kufunsa asanavomereze kukweza chiphaso cha pamsika ndi lakuti: mwa nyumba zonsezi, ndi zingati zimene zili m'kaundula, ndipo zili pa mtengo wa chaka chiti? Nyumba yosanja ikakhala kunja kwa kaundula, kapena ikamalipira ngati ikadali kanyumba ka zipinda ziwiri kamene kanali pamalopo kale, ndalama imene yasowayo imakafunidwa kwa wina. Wina wakeyo ndi amene amamasula mfundo ya chitenje.

Njira ilipo, ndipo sitikuchita kuitenga kunja. Cha m'ma 2013 khonsolo ya Mzuzu, mothandizidwa ndi dziko la Germany, inayamba kulemba nyumba zonse za mumzindawo ndi kuziyeza m'njira yosavuta: kukula kwa nyumba, zomangira zake, dera limene ili, ngati pali msewu wabwino, madzi ndi magetsi. Chilichonse chinali ndi mapointi ake, ndipo msonkho unkachokera pa mapointiwo. Nyumba za m'kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pafupifupi 40,000, ndipo ndalama zotoleredwa zinachulukana kangapo m'zaka zochepa. Chimene chimandikopa m'njira imeneyi ndi chakuti munthu wamba angathe kuimvetsa. Ukhoza kuima pakhomo pako, n'kuyang'ana nyumba ya mnzako, n'kudziwa chifukwa chake iye akulipira zambiri kapena zochepa. Anthu olipira akachuluka, mtengo wa aliyense sufunika kukwera kwambiri. Ngati Mzuzu inayesa, Blantyre, umene unakhala ndi khonsolo yake kuyambira 1895, ungalephere bwanji?

Ndikudziwa kuti wina awerenga apa n'kuchita mantha, ndipo manthawo ndi omveka. Si aliyense wokhala ndi nyumba amene ali ndi ndalama. Ku Chitawira, ku Nkolokosa, ku Kanjedza, ku Zingwangwa kuli agogo amene anagula nyumba ndi ndalama zopumira pantchito, ndipo lero akukhalira penshoni imene kugwa kwa kwacha kunaidya. Kuli amayi amasiye amene chuma chawo chonse ndi nyumba imene bambo anasiya, ndi tizipinda tiwiri ta kuseri timene amachititsa lendi kuti ana apite kusukulu. Ndinakhalapo pakhonde ndi bambo wina wachikulire, mphunzitsi wopuma, akundionetsa kalata ya msonkho wa nyumba yake. Anaitambasula pa bondo, chala chili pa mzere wa ngongole yakale ndi chiwongoladzanja chake, chimene chinali chitaposa msonkho wa chaka chimenecho. Sanakane kulipira. Anati, "Mwana wanga, akanati ndizipereka pang'ono mwezi uliwonse ndikalandira, bwenzi nditamaliza kalekale. Koma yonse pakamodzi ndiitenga kuti?"

Mawu amenewa ndi ndondomeko yathunthu. Anthu a mumzinda uno amagula magetsi a mayunitsi a K2,000, amagula mafuta ophikira oyezera m'kapepala, amagula ufa wa tsiku limodzi. Moyo wathu ndi wa pang'onopang'ono. Msonkho wokha ndiwo ubwere ngati mwala umodzi waukulu? Lero pafupifupi khomo lililonse lili ndi foni ya Airtel Money kapena Mpamba. Munthu apatsidwe nambala ya nyumba yake, azitumiza zimene wapeza sabata iliyonse kapena mwezi uliwonse, uthenga uzibwera womuuza zimene zatsala. Okalamba, olumala ndi mabanja oyendetsedwa ndi ana akhale ndi kuchotseredwa kolembedwa poyera, kodziwika kwa aliyense, osati kochita kukapempha kwa bwana m'kaofesi. Ndipo nyumba zazing'ono za m'makwalala a Ndirande, Mbayani, Bangwe ndi Chirimba zikhale pa mtengo wotsika kwambiri, chifukwa tonse tikudziwa kuti alandilodi salipira msonkho kuchokera m'thumba mwawo. Amauwonjezera pa lendi, ndipo umakathera kwa mlonda kapena wantchito wa m'nyumba amene akuchita lendi chipinda chimodzi.

Za angongole akuluakulu sindichulukitsa mawu. Si chinsinsi kuti makhonsolo a mizinda yathu akhala akudandaula za ngongole za msonkho wa malo zimene sizinalipidwe, ndipo pa mndandandawo pamapezekanso nthambi za boma ndi eni nyumba zamalonda. Mayi wa tomato akalephera chiphaso cha tsiku limodzi sagulitsa. Chikhale chimodzimodzi kwa wamkulu: amene ali ndi ngongole ya zaka asalandire layisensi yatsopano ya bizinesi kapena chilolezo chomanga mpaka atagwirizana ndi khonsolo za kabwezedwe.

Boma lalikulu nalo lili ndi mbali yake. Munthu wa ku Blantyre amalipira kale msonkho wambiri umene sudutsa n'komwe ku khonsolo. Amalipira VAT pogula zinthu m'sitolo, amadulidwa pa malipiro, ndipo pa lita iliyonse ya mafuta a galimoto pali ndalama ya misewu imene imalowa mu mtengo wa minibasi. Makampani ambiri aakulu ali kuno, ndipo ngakhale likulu la bungwe lotolera misonkho la MRA, Msonkho House, lili mumzinda uno. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene boma limatolera. Aphungu a madera a mumzinda uno akanamenyera lonjezo limeneli ku Nyumba ya Malamulo chaka ndi chaka, khonsolo sikanakhala ndi chifukwa chowerengera tomato.

Pali chinthu china chimene okonza bajeti saona akakhala pa kompyuta: mtengo ukakwera kupitirira mphamvu za anthu, anthuwo salipira zambiri, amangochoka m'dongosolo. Chiphaso chikalemera, wogulitsa amatuluka mumsika n'kukayala pamsewu, kumene salipira kanthu koma amakhala akuthamangitsana ndi apolisi. Mu 2006 boma linachotsa mavenda m'misewu pa Operation Dongosolo, koma pitani ku Limbe madzulo ano mukaone. Anabwerera, ndipo adzabwererabe malinga ngati kukhala mkati mwa msika kuli kodula kuposa phindu lake, pomwe ogula ali panja. Amene watsala mumsika ndi wokhulupirika, ndipo ndi yemweyo amene timamukwezera.

N'chimodzimodzinso ndi kumanga. Kupeza puloti yovomerezeka, kujambulitsa pulani, kulipira kuti pulaniyo ivomerezedwe, zonsezi zikakhala zodula ndi zochedwa, munthu wa malipiro ochepa amapita kwa amfumu, n'kugula kamalo kotsetsereka m'phiri kapena m'mbali mwa mtsinje. Anthu oposa theka a mzinda uno amakhala m'madera osakonzedwa. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, tinaika m'manda anthu ambiri a ku Chilobwe ndi madera oyandikana nawo. Ena anafulumira kunena kuti anamangiranji kumeneko. Ine ndimafunsa kuti malo otetezeka amene akanawakwanitsa anali kuti? Chilolezo chomangira nyumba ya zipinda ziwiri kapena zitatu chikanakhala chotsika mtengo, cha pulani yokonzedwa kale imene munthu angangosankha, khonsolo ikanadziwa amene akumanga ndi pamene akumanga, ndipo nyumba imeneyo ikanalowa m'kaundula kuyambira pa maziko.

Ndiye pali nkhani yolipira kawiri. M'madera ambiri galimoto ya zinyalala siifika, choncho banja limalipira mnyamata wa wilibala kapena kampani yapadera, ena amangotaya mumtsinje wa Mudi kapena wa Nasolo usiku. Msewu ukakumbika, anyamata amathira dothi n'kuimika chingwe kupempha kangachepe kwa oyendetsa galimoto. Kopanda magetsi a mumsewu anthu amasonkha ya achitetezo a m'dera. Kopanda mpope amagula madzi pa kiyosiki ndowa imodziimodzi. Mukaphatikiza zonsezi mupeza kuti wosauka akulipira kale ntchito za mzinda, kungoti akulipira kwa anthu ena. Kolera ya 2022 mpaka 2023, imene inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno ndipo inachedwetsa kutsegulira sukulu ku Blantyre ndi ku Lilongwe mu Januwale 2023, inationetsa mtengo weniweni wa chimbudzi chosagwira ntchito ndi bini yosachotsedwa pamsika. Munthu amene walipira chiphaso m'mawa, masana n'kupeza chimbudzi chilibe madzi, mungamuuze chiyani kuti mawa alipire mokondwa, ndiponso mowonjezera?

Apa m'pamene makhansala ayenera kuonekera. Kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linakhala lopanda makhansala, ndipo m'zaka zimenezo tinazolowera kuti mitengo ya khonsolo imangotsika ngati mvula, popanda woifunsa. Chizolowezi chimenecho sichinatheretu. Koma bajeti ya mzinda, pamodzi ndi mitengo ya ziphaso ndi malayisensi, imadutsa m'manja mwa anthu amene tinawavotera, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Tili ndi ufulu wofunsa kuti msika wathu unatolera zingati mwezi watha, ndipo zinagwira ntchito yanji.

Zimene ndikupempha khansala wa dera langa, ndi anzake onse, ndi izi. Mtengo uliwonse usanakwere, msonkhano uchitikire pamsika pomwepo, m'Chichewa, pa ola limene ogulitsa angathe kusiya benchi, osati mu holo ya hotela m'mawa wa Lachiwiri. Akabwera abweretse mapepala atatu: chiwerengero cha nyumba zimene zalowa m'kaundula chaka chino, ndalama zimene zatoleredwa kwa angongole akuluakulu, ndi gawo la chiphaso limene latsala pamsikapo. Kukweza kukakhala kosapeweka, kubwere pang'ono chaka ndi chaka, kulengezedwe miyezi itatu isanakwane, osati kukhala chete zaka zisanu kenako n'kuwirikiza kawiri tsiku limodzi. Wogulitsa masamba a m'lichero asalipire mofanana ndi mwini shopu ya zitsulo. Ndipo pachipata cha msika uliwonse pakhale bolodi lakuda, longa la kusukulu, limene mkulu wa msika ndi komiti ya ogulitsa azilembapo ndi choko kumapeto kwa mwezi: zotoleredwa mwakuti, zogulira madzi a kuchimbudzi mwakuti, bini yachotsedwa kangati, zotumizidwa ku Civic Centre mwakuti. Bolodi ndi bokosi la choko sizingafike pa ndalama imene msika umodzi umatolera isanakwane 9 koloko m'mawa.